Pansi pa Penti Wabuluu

9 Febuluwale

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi amayi ndi mdzukulu wanu. Maso aja akuchitabe chifunga? Ine kuno ndili bwino, kupatula kachimfine kamene kapita kokha.

Ndalemba papepala chifukwa mumati mawu a pafoni amapita ndi mphepo. Mdzukulu wanu akuwerengereni amayi akachokapo, chifukwa nkhani iyi sindikufuna aimve msanga. Ntchito ya m'nyumba ija ndinaisiya mwezi watha. Adona analibe vuto. Vuto linali amuna awo, ndipo popeza wowerenga ndi mwana, zotsalazo ndidzakuuzani pamaso.

Tsopano ndikutsuka magalimoto. Musaseke. Ndi pabwalo pamene amagulitsa magalimoto akale, ndipo kumbuyo kwake kuli shedi ya malata ndi mpopi umodzi. Tsiku loyamba ndinanyamula ndowa ndi chisanza n'kuyamba kukwecha chitseko ngati poto. Mkulu wina waimvi amene amapukuta magalimoto pano anandigwira mkono ngati ndikufuna kubaya munthu. Onse amawatchula a Pang'ono, chifukwa mawu awo ndi amodzi tsiku lonse: pang'onopang'ono. Anandiuza kuti ndowa zimakhala ziwiri, ya sopo ndi yotsukuluzira nsalu, kuti mchenga umene wachoka pagalimoto usabwerere kukakala penti. Umayambira padenga, matayala n'kumalizira. Padzuwa satsukirapo, chifukwa madzi akauma okha amasiya mawanga. Ndipo chimene mkuluyu amaopa kuposa matope ndi zitosi za mbalame. Ine ndinaseka, mpaka anandionetsa denga la galimoto ina pamene chitosi chinagona masiku angapo padzuwa n'kusiya chithunzi chake chimene sopo sachotsa.

Chandidabwitsa kwambiri n'chakuti kunyezimira kuja si mtundu ayi. Akuti pachitsulo amayamba kupaka wotuwa wogwirira, kenako wamtundu, ndiye pamwamba wina woonekera ngati madzi, wopyapyala kuposa pepala ndikulembapoli. Ntchito yathu yonse ili pa kakhungu kameneko. Ndinawauza kuti ameneyo ndi vanishi basi, bambo anga ndi mmisiri wa matabwa, ndakulira fungo lake. Anandiyang'ana n'kunena kuti mwina ndikhalitsa.

Ndiye ndili ndi funso limene ndinkaopa kukufunsani ndili mwana. Munkati mukapaka vanishi pathebulo, n'kuuma bwinobwino, munkatenganso sandipepala n'kukwecha mpaka kunyezimira konse kutha, kenako n'kupakanso. Munkawonongeranji chinthu chokongola kale?

Ndatumiza kangachepe pafoni ya achimwene. Mumugulire mwana nsapato za kusukulu, zokulirapo chala chimodzi. Chotsala mugule misomali ya denga la kukhitchini.

Dzina munandipatsa lija landitsatira. Kunonso, popanda wowauza, ayamba kunditchula lomwelo.

Ndine mwana wanu,
Mafunso


22 Malichi

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kuti nonse muli bwino. Zilembo za mdzukulu wanu zawongoka, ngakhale pakamwa pake sipanawongoke. Ndinadziwa kuti sangasunge chinsinsi kupitirira masiku awiri. Muwauze amayi kuti ndamva zonse zimene anena, ndipo sindikuvala kabudula. Ndili ndi ovolosi yofika kumapazi.

Yankho lanu ndinawawerengera a Pang'ono. Mwati chosalala kwambiri sichigwira chinzake, vanishi wachiwiri amafuna popondapo. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndikupatseni moni, ndinu anzawo ngakhale simunaonane.

Kuno, Bambo, dongo amagula m'sitolo. Limabwera m'kabokosi ngati sopo wosambira, ndipo mtengo wake ndikakuuzani amayi ayamba kukumba kudambo. Galimoto ukaitsuka imaoneka yoyera, koma a Pang'ono anandiuza kuti ndilowetse dzanja m'kajumbo kopyapyala n'kusisita boneti. Ndinamva timiyala tambirimbiri timene maso saona, ndipo dzanja lopanda jumbo silimva. Chifukwa chake sindikudziwa, nawonso sadziwa. Ukanyowetsa n'kuyendetsapo dongo lija, timiyalato timakanirira m'dongomo, boneti n'kutsala ngati galasi.

Pomaliza timapaka phula. Limanunkhira ngati nthochi yakupsa, moti ndinafunsa ngati n'lodyedwa. A Pang'ono anaseka koyamba chibwerere ine, n'kunena kuti ndafunsa bwino, paja safunsa anadya phula. Umapaka pang'ono kwambiri, kudikira lichite mbuu, kenako kupukuta ndi thaulo lofewa. Ukathira madzi amangopanga mikanda n'kugubuduka. Ndinathira kanayi konse, mpaka abwana anatuluka muofesi n'kufunsa ngati madziwo ndimalipira ndine.

Abwanawa si munthu woipa pakamwa. Amalipira tsiku lake. Koma magolovesi ndawapempha katatu, ndipo manja anga ang'ambika ngati zidendene. Telala amene ndimakhala naye chipinda chimodzi amandipaka mafuta madzulo. Chipindacho n'chaching'ono, makina ake osokera ndiwo thebulo lathu.

Chinthu china. A Pang'ono akanyamula kapu ya tiyi, imalira pambale. Akagwira thaulo, dzanja limadekha. Akagwira makina opukutira, limayambanso. Ndaona, ndipo iwo aona kuti ndaona, koma palibe wanena kanthu.

Mwana asamapite kusukulu ndi nsapato zatsopano kukagwa mvula. Zakale zija zilipobe.

Mwana wanu,
Mafunso


17 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti kuchipatala akuti ng'ala yakhwima ndipo adzakuitanani. Musaope, ndafunsa kuno, akuti n'zosachedwa. Ine ndili bwino, manja akupola.

Ndachedwa kulemba chifukwa ntchito yachuluka. Makina opukutira tsopano ndikugwira ndine. A Pang'ono amaima pambali ndi tochi, ndipo abwana akamadutsa amalankhula mokweza ngati akundiphunzitsa, kuti zioneke ngati n'zofuna zawo. Makinawa ndi sandipepala yemweyo, koma wamadzi. Amasenda kakhungu kaja pang'ono kuti zokalika zifafanizike. Ukakhalitsa malo amodzi, makamaka m'mbali mwa chitseko, umaboola mpaka pamtundu, ndipo palibe kubwerera. Tsiku lililonse ndimatuluka thukuta ngati ndikumeta khanda.

Koma nkhani ndi iyi. Sabata yatha kunabwera galimoto yabuluu, itakwezedwa palole. Abwana akuti inali ya mayi wina wokalamba amene ankangopita nayo kutchalitchi. Anandipatsa ine kuti ndiikonze yonse, ndipo ndinakondwa.

Ndikuitsuka, ndinaona kuti buluu wake si mmodzi. Mumthunzi ndi wofanana, koma dzuwa likapendeka, wakumbuyo amaoneka wakuda pang'ono. Nditawalitsa tochi cham'mbali, wakutsogolo anali wosalala, wakumbuyo ngati khungu la lalanje. Ndinafunsa a Pang'ono. Anatulutsa m'thumba kamaginito kokulunga m'kansalu, n'kukaika pachitseko cha kutsogolo. Kanakanirira. Anakaika pafupi ndi tayala la kumbuyo, kanagwa pansi. Anati pamenepo pansi pa penti si chitsulo ayi, ndi phala lomatira limene amadzaza pophwanyika.

Ndinayenda nako kamaginitoko galimoto yonse, ndikujambula papepala pamene kakugwira ndi pamene kakugwa. Zinandisangalatsa ngati kuwerenga kalata ya munthu wina. Kenako ndinatukula labala wa m'mbali mwa chitseko cha kumbuyo kuti ndichotse fumbi, ndipo pansi pake panali poyera. Osati dothi, Bambo, penti woyera. Kutsogolo, pansi pa labala yemweyo, ndi pabuluu.

A Pang'ono anandilanda kamaginito kawo. Anati, "Mwanawe, ife malire athu ndi penti. Zapansi pake n'za eni ake."

Ndiye ndikufunseni. Munthu akabwera ndi matabwa ofumbwa, n'kukuuzani kuti mutseke timabowo ndi kupaka vanishi kuti akagulitse, inu munkatani? Mundiyankhe msanga.

Ndatumiza ya yunifolomu. Achimwene asaiwale kuti ina ndi yanu yokwerera basi kupita kuchipatala.

Mafunso


6 Juni

Bambo,

Ndili bwino. Ndikhulupirira inunso.

Yankho lanu silinafike. Galimoto ija ndaimaliza. Masiku anayi ndili nayo. Khungu la lalanje lija ndalisalaza mpaka buluu yense wakhala mmodzi, ngakhale padzuwa lopendeka. Ukaima pambali pake umaona nkhope yako ndi mitambo kumbuyo kwako. Anyamata a magalaja oyandikana nafe anabwera kudzaiona, ndipo abwana anandigulira magolovesi. Sindinapangepo chinthu chokongola chotero chibadwire, ndipo sindikubisirani, ndinanyada.

Tsiku lomaliza, ndikusesa mkati, ndinatukula kapeti kumbuyo kwa mipando ya kutsogolo. Pali mzere wowotcherera wodutsa pansi ponse, kuchoka chitseko ichi kukafika chinacho, wamabampu ngati chipsera cha moto. Si galimoto imodzi, Bambo. Ndi ziwiri, mutu wa yabuluu ndi thupi la yoyera. Ndinafunsa wokonza magalimoto wa kuseri kwathu, ngati ndikungofunsa za m'maluwa, kuti yotereyi imatha bwanji. Anati imayenda bwinobwino mpaka tsiku limene idzagundidwe, ndipo tsiku limenelo imabwerera kukhala ziwiri.

Dzulo kunabwera mayi wina, namwino, ali ndi yunifolomu yake. Anaizungulira katatu, akuisisita ndi chala. Ali ndi ana atatu, ndipo akuti watopa kudikira basi nawo pamvula. Abwana anamuuza za mayi wokalamba wa kutchalitchi uja. Abweranso Loweruka.

Chakudya sichikulowa bwino masiku ano. Telala akuti ndi nyengo.

Mafunso


1 Julayi

Okondedwa Bambo,

Ndakondwa kuti diso lakumanja alichita opaleshoni ndipo mwayamba kuona nkhope ya amayi. Zimene mwati akalamba musanadziwe, musawauze.

Loweruka lija namwino anabwera m'mawa, abwana ali pafoni muofesi. Anabwera kushedi n'kundipempha ndimuphunzitse kasamalidwe kake, kuti izikhala monga ililimu. Ndinamuuza za ndowa ziwiri, za dzuwa, za zitosi, kuti asamaimike pansi pa mtengo wodontha utomoni, ndi kuti phula azipaka pakatha miyezi itatu. Ankalemba zonse kuseri kwa chikalata cha mankhwala. Ndinaganiza kuti ndapulumuka. Kenako anapinda pepalalo n'kundiyang'ana.

"Achemwali, inu ndi amene mwaigwira masiku onsewa. Mukanakhala ndi ndalama, mukanaigula?"

A Pang'ono anali kumbuyo kwanga akufinya thaulo. Ndinamva madzi asiya kudontha.

Ndinati, "Mayi, tukulani kapeti uyu."

Sanandithokoze. Nkhope inasintha, ndipo anandifunsa chifukwa chake sindinanene tsiku loyamba lija, pamene ndinamuona akuisisita. Analowa muofesi, ndipo mawu ake anamveka mpaka kumsewu. Atachoka, abwana anatuluka osakalipa. Anangoti amandilipira kuti ndizipukuta, osati kuti ndiziona, ndipo ndisiye ovolosi ndi magolovesi pa mpopi. Malipiro anga anandipatsa onse.

Ndikuvula ovolosi, a Pang'ono anati zaka zonse akhala pamenepo apukutapo zoterozo zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe wogula anawafunsapo kanthu. Ndinawafunsa kuti akanawafunsa, akanati chiyani. Anayang'ana manja awo. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti makina aja tsopano abwerera m'manja amenewo, ndipo abwana adzaona zimene ine ndinkabisa. Zimenezo sindinaziganizire pamene ndinkatsegula pakamwa.

Kalata yanu inafika patatha masiku atatu. Ndinkayembekezera kuti munena kuti munkawathamangitsa anthu otero. Ndaiwerenga kasanu. Mwati munachitapo kamodzi, bedi la wasitolo uja, chaka chimene ine ndinapita kusekondale, ndipo amene anagula bedilo munkawazemba njira mpaka anasamuka. Mwati simungandiuze chochita chifukwa ndinaphunzira ndi ndalama ya vanishi ameneyo. Bambo, ndinakwiya nanu tsiku limodzi lathunthu. Tsiku lachiwiri ndinadabwa kuti munauza mdzukulu wanu alembe zimenezo ndi dzanja lake, osachita manyazi. Ikanafika msanga kalatayi, sindikudziwa kuti ikanandikankhira mbali iti.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Amayi muwauze mmene mungathere.

Mwana wanu,
Mafunso


20 Ogasiti

Bambo,

Pepani kukhala chete. Ndili moyo, ndipo sindikudwala. Za masabata apitawa sindilemba. Telala ndi munthu wabwino, ndi zokhazo ndinganene.

Ndagula ndowa zanga ziwiri. Ndinakumana ndi namwino uja pamalo okwerera basi. Anali asanaiwale mkwiyo wake, komabe analankhula ndi alonda a kuchipatala kwawo, ndipo amandilola kutsuka magalimoto kuseri, pafupi ndi mochapira zovala, pamene pali mthunzi wa khoma mpaka masana. Madzi ndimatunga pampopi wa wosamalira maluwa. Tsiku labwino zimakhala zinayi, tsiku loipa imodzi. Madokotala sadziwa kanthu za penti. Wina ankapukuta fumbi ndi thaulo louma m'mawa uliwonse, boneti yonse mizeremizere ngati ukonde wa kangaude. Nditamuonetsa ndi tochi anati ndikanakhala dokotala wa maso.

A Pang'ono anawachotsa. Akuti anaboola penti pachitseko cha galimoto yofiira. Ndinapita kwawo Lamlungu. Sanandiimbe mlandu, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Pochoka anandipatsa chitini cha phula chotsala theka. Tsopano amabwera masiku ena kudzakhala pa njerwa n'kumandiuza kuti ndikuthamanga.

Ndatumiza pang'ono. N'zimene zilipo.

Mafunso


25 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu, amayi, achimwene ndi mwana wanga. Mwati kalatayi muwerenga nokha ndi magalasi atsopano, ndiye ndalemba zilembo zikuluzikulu. Ine ndili bwino. Magalimoto afika asanu ndi limodzi patsiku, ndipo a Pang'ono ndimawagawirako, ngakhale amakana kaye katatu.

Kumayambiriro a mwezi uno ndikutsukuluza nsalu, ndinaona mitambo ikuyenda pachitseko cha galimoto imene inkaima pambali panga. Ndinaidziwa ndisanadzutse mutu. Yabuluu ija. Anatsika bambo wachikulire amene anaperekeza akazi awo kudzatenga mankhwala a shuga. Anati anapuma ntchito ku positi, ndipo ndalama yake yonse yopumira anagulira galimotoyi. M'mawa uliwonse amanyamula ana a anthu a m'dera lawo kupita nawo kusukulu, ndiyo ntchito yawo tsopano. Anandipempha ndiitsuke mosamala, chifukwa penti wotere sapezekapezeka.

Ulendo uno sindinadikire kufunsidwa. Ndinawauza kuti pentiyo ndinapukuta ndine, ndipo ndinawatukulira kapeti. Anati ndine wansanje, mwina anandichotsa ntchito ndiye ndikufuna kuipitsa malo. Ndinawauza kuti anandichotsadi, koma apite kwa wokonza magalimoto aliyense amene amamukhulupirira. Anachoka galimoto isanatsukidwe.

Patatha masabata awiri anabwera wapansi. Anali atapita kwa okonza awiri, onse ananena chimodzimodzi. Kwa abwana aja anauzidwa kuti anagula ataona ndi maso awo, ndipo pepala anasaina limatero. Akuti panapezeka munthu wofuna kuigula yonse pamtengo wabwino, ndipo anagona nayo nkhaniyo masiku atatu. Pamapeto pake anaganiza zoiphwasula n'kugulitsa ziwalo. Anandipempha ndibwere kudzapukuta zitseko ndi boneti, kuti mwina zingapite msanga.

Tinapita Loweruka, ine ndi a Pang'ono. Inali pabwalo la nyumba yawo, ndipo amisiri awiri anali atayamba kale kumasula. Chitseko chilichonse chikachoka ankachitsamiritsa kukhoma, ine n'kuchipaka phula. Ndikuuzani zoona, Bambo, mtima unandipweteka, ndipo si chifukwa cha bambowo. Zinayi zonse zinagulidwa tsiku lomwelo. Injini inali yabwino, nayonso ili ndi woifuna. Akuti zonse zikatha apeza ngati theka la zimene anataya.

Chakumasana panatsala chigoba chokha, chopanda mipando, mzere uja uli poyera. Bambowo anali akunenabe kuti mwina akanangoiyendetsa pang'onopang'ono zaka ziwiri sikanavuta. Mmisiri wamkulu anaika chigobacho pa zitsa, n'kutenga nyundo. Anamenya katatu. Kachitatuko mzere unatseguka kuchoka mbali iyi kukafika inayo, ndipo kumbuyo konse kunakhala pansi pakokha.

Bambowo anakhala patayala, n'kuvula chipewa. Anayang'ana pamene panali mpando wa kumbuyo, ndipo anayamba kutchula maina, limodzi limodzi, motsitsa. Ndinafunsa akazi awo kuti akuitana ndani. Anati ndi ana aja, mmene ankakhalira m'mawa uliwonse, kuyambira wa kuwindo ili kukafika wa kuwindo linalo.

Ndidzabwera sukulu zikatsekera. Musandidikire kusiteji, ndidzafika ndekha.

Ndine mwana wanu,
Mafunso